Ndani Amalipira Denga la Wosowa Pogona ku Dedza?

Amene anagonapo ku Dedza mwezi wa Juni kapena Julayi safunika kumuuza ntchito ya bulangete. Tauniyi inakhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'tsinde mwa phiri lotalika mamita 2,198, ndipo dzuwa likangolowa chisanu chimatsika ngati chachita kutumidwa. Ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1 amamanga matumba awo msanga. Alonda a m'magolosale amakoleza moto pakhonde n'kudzikuta mpaka m'makutu. Aliyense amathamangira kumene kuli chitseko choti atseke.

Koma alipo ena amene usiku umawapeza alibe chitseko: mnyamata wonyamula katundu pamsika, mayi wodwala matenda a maganizo amene aliyense amamudziwa nkhope koma kwawo osakudziwa, bambo wobwerera ku ganyu ku Angonia m'dziko la Mozambique amene bwana wake wam'mana malipiro ndipo ndalama ya minibasi alibe. Si ambiri ngati a ku Lilongwe kapena ku Blantyre, n'chifukwa chake kawirikawiri sawerengedwa n'komwe. Akapeza wowalandira, amakhala mbale, mfumu, mpingo kapena kabungwe kena kakang'ono. Tsono wolandirayo, ndani amam'thandiza kugula ufa, sopo ndi bulangete? M'mayiko ena yankho lake n'lachidule: boma limapatula ndalama mu bajeti n'kuzipereka kwa mabungwe osunga anthu osowa pokhala. Kuno kwathu yankho lake ndi lokhotakhota ngati msewu wa Golomoti.

Wosowa pokhala wa kumudzi

Mawu oti "wosowa pokhala" akatchulidwa, ambiri amaona mwana wamasikini pa mlatho wa Lilongwe atatambasula dzanja. Ana oterowo alipodi. Kalembera amene bungwe la Retrak linachita mogwirizana ndi Chisomo Children's Club, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anapeza ana pafupifupi 2,400 m'misewu ya Lilongwe ndi pafupifupi 1,800 ku Blantyre. Chimene chinadabwitsa anthu n'choti ambiri mwa anawo madzulo amabwerera kunyumba kwa makolo kapena abale. Ogoneratu pamsewu anali ochepa. Msewu kwa iwo ndi munda, si chipinda.

Boma la Dedza, lomwe kalembera wa 2018 anapezamo anthu 830,512, ndi la kumudzi kwambiri, ndipo kusowa pokhala kwake kumavala nkhope ina. Ndi mayi wamasiye amene anali pa chitengwa, mwamuna atamwalira achibale a malemu n'kum'landa nyumba ndi munda, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kuchita zimenezi ndi mlandu. Ndi mkamwini amene anamanga nyumba ya njerwa zootcha kwawo kwa mkazi, ukwati utatha n'kuchoka ndi kachikwama kokha, kukafika kwawo n'kupeza munda wake anagawana kale adzukulu. Ndi gogo amene am'namizira ufiti mwana atamwalira mwadzidzidzi pamudzi, nyumba n'kum'tenthera. Bungwe la MANEPO, lomwe limayankhulira anthu achikulire, lakhala likudandaula za nkhanza zotere chaka ndi chaka. Ndi mtsikana amene wachotsedwa pa ukwati wa ana. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati otere mazanamazana kunsi kwa mapiri a Dedza, koma kuthetsa ukwati ndi chiyambi chabe. Mtsikanayo ayenera kugona penapake usiku womwewo, ndipo si kholo lililonse limene limam'landira ndi manja awiri litadya kale za mkamwini.

Ndiye pali mvula. Chaka chilichonse mphepo yamkuntho imasasula madenga kumtunda, pamene kunsi, cha ku Mtakataka ndi Golomoti, mitsinje yotsika m'mapiri imasefukira n'kugwetsa nyumba zazidina. Banja limene dzulo linali ndi khomo lero lili m'kalasi ya sukulu ya pulayimale.

Anthu onsewa saoneka chifukwa mudzi umawameza. Kale makonzedwe ake analipo: anyamata ankagona m'mphala kapena m'gowelo, atsikana kukuka kwa agogo, ndipo mwinimbumba ankadziwa kuti mlongo wake akabwerera kuchokera ku ukwati ndi udindo wake kum'pezera malo. Mlendo wodutsa ankam'perekeza kwa nyakwawa. Zambiri mwa izi zikadalipo, kungoti minda yachepa, nkhokwe zaphwa, ndipo nyumba ya zipinda ziwiri imene munkagona anthu asanu tsopano mukugona khumi.

Phunziro la nthawi ya nkhondo

Dedza anaonapo kusowa pokhala kwa anthu ochuluka kuposa kumene boma lililonse lingakonzekere. Kuyambira 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, anthu a ku Mozambique anakhamukira m'Malawi muno, ndipo pofika 1992 anali atapitirira 1 miliyoni. Kumwera, monga ku Nsanje, ambiri anaikidwa m'misasa ikuluikulu. Koma ku Dedza ndi Ntcheu, kumene malire m'malo ambiri ndi msewu chabe ndipo anthu a mbali zonse ziwiri amayankhula chinenero chimodzi, ochuluka analowa m'midzi n'kumanga tinyumba pa malo amene mafumu anawapatsa.

Kayendetsedwe ka thandizo pa nthawiyo n'kofunika kukakumbukira. Malo anapereka ndi mafumu. Chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira zinkachokera ku mabungwe a United Nations, UNHCR ndi WFP. Ogawa ambiri anali a Red Cross ya Malawi. Boma linkayang'anira ndi kulunzanitsa. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, alendowo anabwerera kwawo, n'kusiya mapiri ometeka mitengo. Koma kagawidwe ka ntchito kaja kanatsala, ndipo mpaka lero kakadali komweko: mudzi upereka malo, wakunja apereka ndalama, bungwe ligwira ntchito, boma lisaina.

Ndalama zimalondola khomo

Kunena kuti boma la Malawi silithandiza osauka kungakhale kunama. Nkhani ili pa njira imene ndalamazo zimadutsa.

Tiyambe ndi Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayamba ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Imasankha mabanja khumi mwa mabanja 100 alionse, ovutikitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, n'kumawapatsa ndalama, ndi kakowonjezera pa mwana aliyense amene ali pa sukulu. Ku Dedza inafika ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, limodzi ndi Nkhata Bay. Ndipo apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: kwa zaka zambiri, boma lokhalo limene ndalama zake za Mtukula Pakhomo zinkachokera m'thumba la boma la Malawi linali Thyolo. Maboma enawo ankadalira Germany, European Union, Ireland ndi banki ija.

Dzina lenilenilo likunena zonse. Ndi mtukula pakhomo. Olemba mayina amayenda nyumba ndi nyumba, kufunsa mutu wa banja, kuona denga ngati ndi laudzu kapena lamalata, kuwerenga anthu odya mumphika umodzi. Mnyamata wogona pakhonde la golosale pa Chimbiya alibe khomo loti alembedwepo. Gogo wothamangitsidwa uja dzina lake linatsala m'kaundula wa mudzi umene unam'pirikitsa. Si kuti ndondomekoyi ndi yoipa. Kafukufuku wasonyeza kuti mabanja olandira amadya bwinoko ndipo ana awo amakhalitsa pa sukulu, ndipo mwina ana ambiri sanafike pamsewu chifukwa cha iyo. Koma inapangidwa kuti igwire munthu asanagwe, osati kudzutsa amene wagwa kale.

Chimodzimodzi ndi ndondomeko ya malata ndi simenti, yomwe boma la Peter Mutharika linayambitsa mu 2014. Inkafuna kufikira mabanja 80 m'dera lililonse la phungu pachaka, ndipo ambiri mwa iwo ankayenera kubweza theka la mtengo wa zipangizo pang'onopang'ono. Ovutikitsitsa ochepa ankapatsidwa ulere. Koma kuti ulandire malata uyenera kukhala ndi malo ndi makoma oti uwakhomepo. Kubweza ngongole kunavuta, ena ankati ndi mphatso ya ndale, ndipo ndondomekoyo inazilala. Isanabwere imeneyi kunali Mudzi Transformation Trust ya Joyce Banda, yomwe inkamangira nyumba okalamba ndi osauka, n'kutha mwini wake atachoka pampando. Nyumba za osauka m'dziko muno zimakonda kukhala ndi mtundu wa chipani.

Nyumba za anthu achialubino zili ndi mbiri yowawa kwambiri, ndipo Dedza ali m'kati mwake. Mu Febuluwale 2019 mnyamata wachialubino wa zaka 14 anabedwa usiku kunyumba kwawo m'bomali, nkhani imene inagwedeza dziko lonse. Zigawenga zambiri zotere zinkalowa mosavuta chifukwa nyumba zake zinali za zitseko zosalimba. Boma linayamba kupatula ndalama zomangira anthuwa nyumba zolimba kudzera ku unduna wa za malo ndi nyumba, koma bungwe lawo la APAM lakhala likudandaula kuti ntchitoyi ikuyenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi chiwerengero cha ofunika thandizo.

Okhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi ali ndi nthambi yawo, DoDMA, imene maziko ake ndi lamulo la 1991 lomwe linabwera napolo atasesa midzi ku Phalombe. Lamulo latsopano linakhazikitsidwa mu 2023, chaka chimene namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo cha kumwera. Denga likasasuka ku Lobi kapena ku Mayani, uthenga umachoka kwa nyakwawa, kudutsa ku komiti ya m'dera, kufika kwa bwanamkubwa, kenako ku Lilongwe. Zikayenda bwino kumabwera thumba la chimanga, ndowa, mbale, bulangete ndi pepala la pulasitiki lofolerera. Ndi thandizo lenileni, koma ndi la masabata ochepa.

Njira zonsezi zimadutsa m'maofesi a boma mpaka kufika pa banja. Palibe imene imakhotera ku khomo la sisitere, abusa, shehe kapena gulu la amayi amene akusunga munthu wopanda banja.

Pamene boma linayesapo

Sikuti sizinachitikepo. Thumba la MASAF, lomwe linakhazikitsidwa mu 1995 ndi ngongole ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, limakumbukika ndi midadada ya sukulu, milatho ndi zitsime. Koma m'gawo lake lachiwiri munalinso chigawo chopereka ndalama kwa mabungwe osamalira ana amasiye, ana a m'misewu, olumala ndi okalamba. Bungwe linkalemba pempho, likavomerezedwa n'kulandira ndalama m'zigawo, kenako n'kupereka malisiti.

Kenako kunabwera National AIDS Commission mu 2001, ndipo ndalama za Global Fund zitayamba kulowa, timabungwe ta m'midzi tinaphuka ngati bowa wa mu Januwale. Aliyense ankadziwa mawu oti "CBO" ndi "pulopozo". Magulu ankalembetsa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu paboma, kutsekula akaunti ku banki, n'kulandira ndalama kudzera ku khonsolo zogulira ana amasiye yunifolomu, kuphika phala ku sukulu za mkombaphala, kuweta nkhumba kapena mbuzi, nthawi zina kufolera nyumba ya ana okhala okha. Ena anagwira ntchito yotamandika. Ena anali a m'chikwama: tcheyamani, mkazi wake ndi mlamu wake, chidindo ndi buku la malisiti basi.

Chimene chinawononga dzina la njira imeneyi sichinachitikire kumudzi. Kumapeto kwa 2014 kunamveka kuti komishoniyi inapereka K5 miliyoni kwa Beautify Malawi Trust, bungwe la mayi wa fuko wa nthawiyo, Gertrude Mutharika, ndi ndalama zinanso kwa gulu la chikhalidwe la Mulhako wa Alhomwe. Mabungwe omenyera ufulu anachita zionetsero mu Januwale 2015 kufuna kuti ndalamazo zibwezedwe. Pasanapite nthawi Global Fund inasintha kolowera ndalama zake: zina ku unduna wa za umoyo, zina ku ActionAid ndi World Vision. Izi zinachitika bala la Cashgate ya 2013 lisanapole, pamene mayiko othandiza anali atasiya kuthira ndalama mwachindunji mu bajeti ya boma. Tiakaunti tambiri ta CBO tinauma kuyambira pamenepo, ndipo zikwangwani zake zina zikuonekabe m'mbali mwa misewu ya fumbi, utoto utasuluka.

Amene akugwira ntchitoyi lero

Mabungwe odziwika osamalira ana a m'misewu ali m'mizinda. Samaritan Trust ili ku Blantyre. Chisomo Children's Club inayamba mu 1998 ku Blantyre komweko n'kudzatsekulanso malo ku Lilongwe. Tikondane, ya masisitere a Chikatolika, ili ku Lilongwe, ndipo imasunga ana kwa kanthawi uku ikufufuza kwawo. Mwana wa kwa Kachere kapena kwa Kaphuka akathawa kwawo sakhalitsa pa Dedza. Amakwera lole ya kachewere, makilomita 85 okha ali mumzinda, ndipo ngati ali ndi mwayi ndi mabungwe amenewa amene amam'tola. Pa nyumba, Habitat for Humanity yakhala ikumanga m'Malawi muno kuyambira 1986. Onsewa chuma chawo chachikulu chimachokera ku mipingo, anthu akufuna kwabwino ndi mabungwe a kunja.

Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limanena momveka kuti mwana wosowa chisamaliro ayenera kutengeredwa kumalo otetezeka. Apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa ndi alangizi a chisamaliro cha anthu amachitadi zimenezo. Koma malo a boma enieni ndi owerengeka: ku Mpemba ku Blantyre, ku Chilwa ku Zomba, ndi malo ena ku Lilongwe, ndipo awiri oyambawo kwenikweni ndi osungira ana olakwira lamulo. Choncho wa boma amagogoda pa geti la bungwe ndi mwana kudzanja. Amabwera ndi kalata. Ndalama ya chakudya cha mwanayo kawirikawiri sibwera nawo.

Pali chifukwa china chimene boma limazengerezera, ndipo n'chomveka. Kafukufuku wa m'nyumba zosungira ana amasiye wasonyeza kuti ana ambiri m'menemo ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo. Chinawapititsako ndi umphawi. Boma ndi UNICEF anayamba ntchito yobwezera ana otere kwa abale awo, ndipo Dedza anali m'gulu la maboma anayi oyambirira, limodzi ndi Lilongwe, Blantyre ndi Mangochi. Mantha ndi oti ukamalipira bungwe potengera mitu ya ana ogona m'menemo, mabedi sadzakhalanso opanda munthu. Koma kubwezera mwana kwawo nakonso kumadya ndalama: thiransipoti yokafufuza abale, maulendo okaona mmene akukhalira, fizi, mwina mbuzi ziwiri zoyambira. Imeneyi ndi ntchito imene boma likanatha kulipira popanda kudzaza nyumba za ana amasiye.

Chimene boma limafuna kwa mabungwe ndiye chilipo chambiri. Lamulo la mabungwe omwe si aboma linasinthidwa mu 2022 n'kukhazikitsa NGORA, yomwe imafuna kuti bungwe lililonse lilembetse, lilipire chiphaso chaka ndi chaka, ndiponso lipereke malipoti a chuma ounikidwa ndi akatswiri owerengera ndalama. Zolinga zake n'zabwino. Mabungwe a m'chikwama aja anatiphunzitsa. Koma kwa kabungwe kosunga agogo khumi ndi awiri kuseri kwa Bembeke, mtengo wa wowerengera ndalama ukhoza kufanana ndi chimanga cha miyezi ingapo.

Kudalira akunja nako kwaonetsa mano. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo bajeti zolembedwa m'makwacha zinasungunuka. Mu Januwale 2025 Donald Trump anaimitsa thandizo la America ku mayiko akunja, USAID n'kutsekedwa chaka chomwecho. Malawi inkalandira ndalama zoposa madola 350 miliyoni pachaka kuchokera kumeneko, ndipo zina mwa izo zinkathandiza ana amasiye ndi ovutika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala uja mphepo inam'tenga anthu akuona.

Chinthu chimodzi chinasinthako bwino, ndipo sichinadye tambala. Kwa zaka zambiri yankho la boma kwa wogona pakhonde linali vakabu: apolisi ankasesa usiku n'kutsekera aliyense wopezeka panja popanda chifukwa chowakhutiritsa. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa mu 2015 akupita ku Limbe mbandakucha, anakatsutsa lamulolo ku khoti, ndipo mu Januwale 2017 bwalo lalikulu linagamula kuti ndime imeneyo ikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kusowa pogona kunasiya kukhala mlandu pa pepala, ngakhale kusesa sikunatheretu.

Mmene ena amachitira

Ku America, lamulo la McKinney-Vento la 1987 ndilo linatsekula njira yoti boma lalikulu lizipereka ndalama kwa mabungwe osunga osowa pokhala. Mabungwe a mumzinda umodzi amayenera kukhala pamodzi, kugwirizana zofunika, n'kutumiza pempho limodzi. Ndiponso amayenera kuwerenga anthu: usiku umodzi mu Januwale, chisanu chili pachimake, anthu ongodzipereka amayenda m'misewu ndi m'munsi mwa milatho kulemba aliyense wogona panja. Ndalama zimatuluka mabiliyoni a madola pachaka, komabe chiwerengero cha osowa pokhala chikadali chachikulu, chifukwa lendi ikukwera kuposa thandizo.

Finland inatenga njira ina kuyambira 2008: kum'patsa munthu nyumba yakeyake choyamba, za uchidakwa kapena matenda n'kumazithandiza ali m'kati. Bungwe la Y-Foundation linagula ndi kumanga nyumba zikwizikwi ndi thandizo la boma, mbali ina yochokera ku phindu la masewero a juga. Kumeneko chiwerengero chinatsikadi kwa zaka zambiri zotsatizana.

Koma chitsanzo chotikhudza kwambiri chili ku Joni. Boma la South Africa limapereka ndalama kwa mabungwe osamalira anthu, ndipo dzikolo laona ngozi za mbali zonse ziwiri. Mu 2016 akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Gauteng, pofuna kupulumutsa ndalama, anachotsa odwala matenda a maganizo m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwagawa ku timabungwe topanda ziphaso zoyenera, topanda anamwino ndi chakudya chokwanira. Anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu ndi chisanu. Kumeneko ndiye kupereka ndalama popanda kupita kukaona.

Mbali inayo ndi nyumba ya Usindiso, mumsewu wa Albert ku Johannesburg. Nyumbayi ndi ya khonsolo ya mzindawo, ndipo kwa zaka zingapo bungwe lina linkasungiramo amayi ndi ana othawa nkhanza. Bungwelo litasiya ntchito, nyumbayo inagwa m'manja mwa anthu olipiritsa lendi mwachinyengo, m'kati n'kudzaza tizisakasa ta matabwa ndi makatoni. Pa 31 Ogasiti 2023 inapsa usiku, anthu 76 n'kufa, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi opita kukasaka ganyu. Komishoni ya jaji Sisi Khampepe inapeza kuti khonsolo inalekerera nyumba yake. Malo amene anali othawirako anasanduka msampha chifukwa panalibenso wowasamala.

Njira ilipo kale ku Mua

Chodabwitsa n'choti Malawi safunika kupita ku Finland kukaphunzira mmene boma lingalipirire ntchito yogwiridwa ndi ena. Ukatsika phiri kuchokera ku Dedza umafika ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mu 1902. Chipatala cha pamenepo ndi cha mpingo, chimodzi mwa zipatala za CHAM, zomwe zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. Anamwino ndi madokotala a m'zipatala za CHAM malipiro awo amachokera ku boma. Kuyambira 2006 palinso mapangano amene ofesi ya zaumoyo ya paboma imasainirana ndi chipatala cha mishoni: amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe ulere, chipatala chilembe bilu, boma libweze. Mabilu amachedwa, CHAM imadandaula, nthawi zina chithandizo chaulere chimaimitsidwa mpaka ngongole italipidwa. Koma dongosolo lilipo, lili ndi mitengo yake, mafomu ake ndi oyendera ake. Sukulu zambiri za mishoni nazonso zimayenda choncho: nyumba za mpingo, aphunzitsi olipidwa ndi boma.

Palibe chovuta kumvetsa pa ganizo loti khonsolo ya Dedza isainirane pangano lotere ndi parishi, mzikiti kapena bungwe lodalirika: zipinda zinayi pafupi ndi boma, zina pa Linthipe kapena Mtakataka, zolandira mtsikana wothawa ukwati, gogo wothamangitsidwa kapena mwana wotoledwa pamsika, kwa sabata ziwiri kapena mwezi, pamene alangizi ndi mafumu akukonza zoti abwerere. Malipiro ake asakhale a mutu uliwonse wogona, koma a kusunga malowo ali okonzeka ndi a ntchito yobwezera munthu kwawo. Woyendera azifika osanena tsiku. Mndandanda wa olandira ndalama uzimatidwa pa bolodi la khonsolo, pamene aliyense angauwerenge.

Ndalama zake zingachokere kuti? Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, ndipo pofika 2022 linali pa K100 miliyoni dera lililonse, n'kumakwerabe. Limamanga milatho, midadada ya sukulu ndi nyumba za aphunzitsi, zinthu zooneka zimene phungu angaimepo n'kujambulitsa. Zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku ya m'dera la mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo. Pa misonkhano imeneyi amayankhula ndi anthu okhala ndi khomo. Wogona pakhonde sakhala pa mndandanda wa nyakwawa aliyense, ndipo gogo wothamangitsidwa sangapite kukakweza dzanja pa bwalo la mudzi umene unam'tentha nyumba. Ngati nkhani yawo ifike m'mapulani a khonsolo, oitengera ndi mlangizi wa chisamaliro cha anthu, wapolisi wa ozunzidwa ndi atsogoleri a mipingo, amene ndiwo amagogodedwa usiku.

Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, kutanthauza kuti makhonsolo amakhala atamaliza kulemba mapulani awo mvula ikadagwa, anthu ali kalikiliki m'minda ya chimanga ndi kachewere. Chisanu cha Dedza chimafika patatha miyezi iwiri bajeti itayamba kugwira ntchito.